Mtsikana Uja Anawerenga Bwino, Olakwa Ndife



Sabata ino tikufuna kutsutsana nanu pa za pepala limodzi lothothola m'kope. Mwini wake ndi mtsikana wina wa Fomu 4 wa m'gulu lathu. Pamwamba pa pepalalo pali malikisi 6 pa 20, olembedwa ndi cholembera chofiira, ndipo pambali pake pali ndemanga yakuti mwanayu sanayankhe funso. Anabwera nalo Lamulungu lapitali titatuluka Misa yachiwiri, pamene tinasonkhana patsinde pa mtengo wa mango monga mwa nthawi zonse. Anatiwerengera mawu akunjenjemera. Ena mwa ife anaseka. Ena anati aphunzitsi sanalakwe. Bambo wina wachikulire amene ankadutsa anaima, namvetsera pang'ono, nanena kuti nkhani zotere si zoti ana a m'mabanja achikhristu aziwerenga. Ife tinapempha pepalalo, tinapita nalo kunyumba, tinawerenganso nkhani imene mtsikanayu ankayankha, ndipo mfundo imene tafikapo ndi iyi: mwa tonse amene tinali patsinde pa mtengo uja, amene anaiwerenga nkhaniyo ndi iye yekha. Enafe tinangoiloweza.

Nkhani yake ndi ya Bessie Head, yotchedwa Looking for a Rain God, ndiye kuti kufunafuna mulungu wa mvula. Achimwene ndi achemwali athu amene analemba mayeso a MSCE m'zaka za m'mbuyomu akuikumbukira bwino, pakuti buku la nkhani zifupizifupi lodziwika ndi dzina lomweli linali limodzi mwa mabuku a mayeso a Chingerezi kwa zaka zambiri. Mabuku ake ong'ambika zikuto akadalipo m'masukulu ndi m'nyumba zathu, ndipo aphunzitsi ena amaitengabe nkhaniyi pofuna kuzoloweza ana kuyankha mafunso. Mlembi wake anabadwa m'chaka cha 1937 ku Pietermaritzburg, m'dziko la South Africa, kwa mayi wachizungu ndi bambo wachikuda, pa nthawi imene lamulo la kumeneko linkaletsa anthu otere kugonana kunja kwa ukwati. M'chaka cha 1964 anachoka kwawo ndi chiphaso chosamulola kubwereranso, nakakhala ku Serowe, m'dziko la Botswana, monga wothawa kwawo. Nkhani imeneyi ili m'buku lake la m'chaka cha 1977 lotchedwa The Collector of Treasures. Anamwalira ku Serowe komweko m'chaka cha 1986.

Kwa inu amene simunaiwerenge, imayenda motere. Kuyambira m'chaka cha 1958 dziko linagwa m'chilala cha zaka zisanu ndi ziwiri. Zitsime zinaphwa, msipu unapserera, ndipo pofika chaka chachisanu ndi chiwiri anthu ena anayamba kudzimangirira m'mitengo. Amene ankalemera anali asing'anga onyenga ndi ogulitsa zithumwa, popeza munthu wothedwa nzeru amagula chilichonse. Chaka chimenecho mvula inachedwa. Inadza kumayambiriro kwa Novembala, yongowaza, koma yokwanira kufewetsa nthaka. Banja lina linali m'gulu la oyamba kunyamuka kupita kuminda, imene kumeneko imakhala kutali ndi mudzi. Panali nkhalamba Mokgobja, wa zaka zoposa 70. Mwana wake Ramadi. Mkazi wa Ramadi, Tiro. Nesta, mbeta ya pabanjapo. Ndi asungwana awiri aang'ono, Neo ndi Boseyong. Anasosa munda, anautchinga ndi minga, anakumba chitsime, analima ndi ng'ombe. Koma mwezi usanathe mitambo inathawa, mbewu zikadali m'thumba. Akuluakulu anangokhala tsiku lonse maso ali kumwamba. Ana okha ndiwo ankasewera, akupanga tizidole ta timitengo ndi nsanza, n'kumatikalipira ndi kutimenya potsanzira amayi awo. Kenaka amayi awiri aja anayamba kulira usiku ndi usiku, kulira kwa pamaliro koma maliro palibe. Nkhalamba ija inakumbukira mwambo wina umene inaona ili kamwana, wakuti kuli mulungu wa mvula amene amalandira matupi a ana. Inanong'oneza mwana wake, ndipo awiriwo anauza amayi aja. Ana anaphedwa, matupi awo namwazidwa m'munda. Mvula sinagwe. Mantha atawagwira anathawira kumudzi, nanena kuti ana anamwalira. Anthu anaona nkhope zawo nakayika. Apolisi atafunsa kuti aonetsedwe manda, mayi wa anawo analephera kupirira, naulula zonse. Mokgobja ndi Ramadi anaweruzidwa kuti aphedwe. Mlembi amatsiriza potiuza kuti bwalo la milandu silinalandire njala ndi kusweka kwa mitima ngati umboni, koma anthu a m'mudzimo ankadziwa mumtima kuti iwo anapulumuka pang'onong'ono, kuti nawonso akanatha kupha kanthu kuti mvula igwe.

Funso limene ana anapatsidwa linali lakuti afotokoze chimene nkhaniyi ikutiphunzitsa. Yankho lake tonse timalidziwa, chifukwa lili m'timabuku ta manotsi timene timabwerekana mayeso akayandikira. Umbuli ndi woipa. Zikhulupiriro zachikale zimapha. Umphawi umabala nkhanza. Ukalemba mitu itatuyi, n'kuikapo chitsanzo chimodzi pa mutu uliwonse, malikisi ako ndi ochuluka ndipo tulo ugona tabwino.

Mtsikana wathu sanalembe zimenezo. Analemba kuti anafunafuna mbuli m'nkhanimo koma sanaipeze. Chimene anapeza ndi nyumba ya kwawo. Anafotokoza za chaka china, iye ali ndi zaka 11, pamene mvula inadula mu Januwale mpunga utaokedwa kale. Bambo ake anasiya kuyankhula. Mayi ake ankalira popanda amene wawaputa. Pachitsime anthu anayamba kunong'onezana kuti mvula siichoka yokha, pali amene waimanga, ndipo maso anayamba kuloza kwa agogo ake aakazi, amene ankakhala okha kumapeto kwa mudzi, maso awo ofiira ndi utsi wa zaka zambiri. Ndipo iye mwini, amene kale ankathamanga kukapereka nsima kwa agogowo, anayamba kuwaopa, nayamba kupereka zifukwa kuti atumidwe wina. Patapita masiku mvula inagwa, manong'onong'o anatha, ndipo palibe amene anapita kukapepesa. Anatsiriza pepala lake ndi mafunso awiri: mvula ija ikanachedwa masabata ena awiri chikanachitika n'chiyani, ndipo iye akanaima mbali iti?

Ameneyu ndiye akuti sanayankhe funso. Ife tikuti analiyankha, ndipo tikufuna kuonetsa kuti amene tinasochera ndife.

Tiyambe ndi mawu aja akuti umbuli. Tsegulani nkhaniyo, muloze ndi chala pamene pali mbuli. Anthu amenewa anali alimi odziwa ntchito yawo. Mvula itangowaza iwo ndiwo anayamba kunyamuka. Anatchinga munda kuti mbuzi zisaononge, anakumba chitsime, analima pa nthawi yake. Chilichonse chimene mlangizi wa zaulimi akanawauza anachichita. Mlembi sanatipatse banja la alesi kapena la zidakwa kuti tipeze poyambira kuwanyoza. Anatipatsa banja lakhama, limene linapirira zaka zisanu ndi chimodzi za chilala osapha munthu, ndipo linasweka m'chaka chachisanu ndi chiwiri. Chimene chinawaswa si dzuwa lokha ayi, koma mvula ija yongowaza. Inawapatsa chiyembekezo, iwo naikapo mphamvu zawo zotsiriza, kenaka inawalanda. Aliyense amene anaokapo mpunga ku Lufilya, ku Hara kapena ku Wovwe, kapena kubzala chimanga ndi mvula yoyamba n'kuona mmera ukufota, akudziwa kuti kupweteka kwa chiyembekezo chodulidwa kumaposa kwa njala imene unaiona ikubwera patali. Tsono tikalemba kuti umbuli, sitikufotokoza anthu a m'nkhanimo. Tikungodzimangira mpanda. Tikunena kuti iwo ndi iwo, ife ndi ife. Ife tinapita kusukulu, kotero nkhaniyi siikutikhudza. Koma ndime yotsiriza ya nkhaniyo inalembedwa dala kuti igumule mpanda umenewu. Mlembi akuti mudzi wonse unadziona mwa Mokgobja. Mtsikana wathu anadziona mwa Mokgobja. Ndani tsono amene anatsata mlembi, ndipo ndani amene anamutsutsa?

Yankho lachiwiri ndi lathu ife a m'tchalitchi, ndipo tinalimva patsinde pa mtengo pomwepo: anthu amenewa anali akunja, sankadziwa Mulungu. Apanso tikupemphani mutsegule bukulo. Mlembi akunena momveka kuti mwambo umene nkhalamba ija inakumbukira unali utakwiririka pansi pa zaka zambiri za mapemphero a m'tchalitchi chachikhristu. Mokgobja anali munthu wopemphera. Anakhalapo pa benchi monga timakhalira ife, anaimba monga timaimbira ife. Koma pansi pa mapempherowo panali chinthu chimene sichinafukulidwepo, sichinafunsidwepo, sichinatchulidwepo poyera, ndipo tsiku la tsoka litafika chinatuluka chamoyo. Chiganizo chimenechi chikanayenera kutisowetsa tulo ife akhristu kuposa wina aliyense. Ife timachidumpha.

Ngati wina akuganiza kuti tikukokomeza, akumbuke mlandu wa ku Machinga. M'chaka cha 2018 mnyamata wachialubino anaphedwa kumeneko. M'chaka cha 2022 bwalo lalikulu la milandu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfayo. Pakati pawo panali mchimwene wake weniweni wa wophedwayo, panali wapolisi, panali wogwira ntchito zachipatala, ndipo panali wansembe wa Mpingo wathu womwe uno. Tikulemba izi mitu ili pansi, koma tiyenera kuzilemba. Pa mndandanda umenewu mbuli ndani? Wakunja ndani? Onani kuti sukulu inalipo, yunifolomu inalipo, ubatizo unalipo, ubale wa magazi unalipo, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene pachokha chinaletsa dzanja.

Tisafulumirenso kukankhira mlanduwu kwa makolo athu akale, ngati kuti chipembedzo chawo chinali chopha ana. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, anthu akhala akupempha mvula kwa zaka mazanamazana kudzera mwa Mbona, ndipo mwambowo uli ndi akuluakulu ake, malamulo ake ndi nthawi yake. Chimene Mokgobja anachita sichinali chotero. Chinali chidutswa cha chikumbumtima cha paubwana, chimene iye mwini anavutika kuchilumikiza, ndipo anachichita mobisa, kutchire, popanda mfumu, popanda mudzi, popanda wina womufunsa kuti kodi akuluakulu mukutsimikiza? Mantha ndiwo anasoka zidutswazo n'kuzitcha mwambo. Mantha omwewo amatha kusoka zidutswa za Baibulo n'kuzitcha uneneri, ndipo tawaonapo aneneri otere akuloza nkhalamba pamsonkhano.

Tsopano tibwere kwathu. Nkhani ya Bessie Head ndi ya ku Botswana, koma kayendedwe kake timakadziwa. Poyamba pamagwa tsoka limene palibe amene angalifotokoze kapena kuliletsa. Kenaka pamabwera wogulitsa yankho. Potsiriza pamasankhidwa munthu woti alipire, ndipo wosankhidwayo nthawi zonse amakhala amene sangabwezere. Mu Januwale 2016, ku Neno, mtsikana wina anafa ndi mphezi, ndipo anthu anapha okalamba anayi a m'banja lomwelo powaganizira kuti ndiwo anatumiza mpheziyo. Kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2014 abale athu achialubino anayamba kusakidwa ngati nyama. Mu Juni 2016 bungwe la Amnesty International linalengeza kuti osachepera 18 anali ataphedwa kale. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera oyandikira, ena a iwo alendo ongodutsa. Ndipo tisanene kuti zimenezo ndi za kummwera: mu Januwale 2019, m'boma lathu lomwe lino la Karonga, kamwana kachialubino kosakwana zaka ziwiri kanabedwa usiku m'nyumba. Nanga za okalamba othamangitsidwa m'midzi mwathu, nyumba zawo zitatenthedwa, chifukwa mdzukulu wadwala malungo kapena mnyamata wagwa pa njinga yamoto, ndani mwa ife amene anganene kuti sanamvepo?

Lamulo lilipo. Lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 limanena kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kuitana woombeza kuti adzaloze mfiti ndi mlandunso. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango za ochitira nkhanza anthu achialubino ndi opezeka ndi ziwalo za anthu. Ku Botswana nakonso lamulo linalipo, ndipo Ramadi ankalidziwa. Lamulo limafika m'mawa, pamene mtembo wagona kale. Usiku umene manong'onong'o akuyenda, chimene chimafunika ndi munthu mmodzi wakuti aime n'kunena kuti ayi.

Ndipo apa pali funso limene timabuku ta manotsi sitifunsa. Kumunda kuja kunali akuluakulu anayi. N'chifukwa chiyani panalibe ndi mmodzi yemwe wokana? Mlembi anatipatsa zizindikiro. Chiganizo choyamba cha nkhaniyo chikunena za kusungulumwa kwa kuminda. Banjali linali lokha, kutali ndi mudzi, popanda mnansi woti alowe n'kufunsa kuti kulira kwa usikuku n'kwa chiyani. Abambo anakhala chete, chifukwa anaphunzitsidwa kuti mwamuna saonetsa mantha. Tsono mantha amene sanatuluke pakamwa anatulukira m'manja. Amayi analira, koma kulira kwawo sikunasanduke mawu. Ana ankasewera pamaso pa onse, ndipo palibe amene ankawaona. Masewera awo enieniwo, a kukalipira ndi kumenya tizidole, anali galasi loonetsa akuluakulu mmene mkwiyo umatsikira kuchoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, mpaka kwa amene alibe wina pansi pake. Palibe amene anayang'ana m'galasimo. Ana aja asanaphedwe ndi manja anali atayamba kale kuzimirira m'maso mwa makolo awo. Ndicho chimene mtsikana wathu anazindikira pamene analemba za mbale ya nsima imene anasiya kukapereka. Kupha sikuyamba ndi chikwanje. Kumayamba tsiku limene tasiya kupita kukhomo la munthu.

Tikudziwa zimene ena anene, ndipo tiwayankhe mwaulemu.

Ena akuti kuwerenga kotere n'kukhululukira akupha. Ayi ndithu. Mtsikanayu sanalembe kuti Mokgobja sanalakwe, ndipo ifenso sitikutero. Ana awiri anafa, ndipo palibe chilala chimene chingasandutse imfa yawo kukhala chinthu chabwino. Mlembi naye sanabise kuti mvula sinagwe. Magazi aja anapita pachabe. Koma kumvetsa njira imene munthu anayenda kufikira pa tchimo si kumuchotsera tchimolo. Dokotala amene akufufuza kumene kolera yayambira sakuyamikira kolera. Woopsa ndi uyo amene akuti iye sangadwale, chifukwa ameneyo ndiye amamwa madzi osaphitsa. Amene akunena kuti iye sangachite zimene anachita Ramadi sadziyang'anira, ndipo tsiku la chipwirikiti mudzamupeza m'gulu, mwala uli m'manja, akudabwa kuti wafikamo bwanji. Tinene zoona, achinyamata anzathu: nyumba ya gogo ikamatenthedwa, amene amanyamula miyala ndi petulo si nkhalamba zinzake. Ndi anthu a msinkhu wathu, ndipo ambiri a iwo analembapo m'kope kuti zikhulupiriro zachikale zimapha, napatsidwa malikisi abwino.

Ena akuti mayeso ndi mayeso; mwana ayenera kulemba zimene oyesa akufuna, apo ayi alephera. Mfundo imeneyi ili ndi mbali yoona, ndipo sitikufuna kuponya miyala kwa aphunzitsi. Tikudziwa kuchuluka kwa ana m'kalasi imodzi, kuchepa kwa mabuku, ndi mulu wa makope umene munthu mmodzi amayenera kuchonga ndi nyali usiku. Mtsikana wathu nayenso tamuuza kuti pa mayeso a MANEB aziika mfundo zake m'ndondomeko, azitchula anthu ndi zochitika za m'nkhani monga umboni, asamangolemba za kwawo zokha. Pamenepo anaperewera, ndipo avomera. Koma kuperewera pa kasanjidwe ndi kwina, kusayankha funso ndi kwina. Mwana akauzidwa kuti chimene waona ndi maso ake si yankho, amaphunzira phunziro loipa kuposa kulephera: amaphunzira kuti buku ndi moyo sizikumana, kuti zolemba m'kope ndi za malikisi, zochita kumudzi ndi zina. Ndi mmene timapezera anthu okhoza bwino mayeso amene amakaombeza mwana akadwala. Tikadakonda kuti pa pepala lija pakadalembedwa kuti waona bwino, tsopano sanja bwino.

Kwa bambo athu aja amene anati nkhani zotere si za ana achikhristu, tikuti: pepani bambo, koma Buku Loyera limene mumatilimbikitsa kuwerenga silinatibisire zotere. Muli Abrahamu atatukula mpeni pa Isaki, ndipo phunziro lake ndi lakuti dzanjalo linaletsedwa. Muli Yefita amene lumbiro lake linadya mwana wake wamkazi. M'buku lachiwiri la Mafumu muli njala ya mu mzinda wa Samariya, pamene amayi awiri anapangana za ana awo zinthu zosayenera kuzitchula. Mneneri Yeremiya anadzudzula anthu a mtundu wake womwe, osati akunja, chifukwa chootcha ana awo ngati nsembe. Olemba Malembo sanaope kutionetsa kumene mantha ndi njala zimafikitsa anthu opemphera. Mwana amene tamubisira nkhani zotere sitinamuteteze. Tangomusiya kuti adzakumane nazo koyamba pabwalo la mudzi, usiku, anthu akufuula, pamene palibe nthawi yoganiza.

Ndipo adzakumana nazo, chifukwa chilala si nkhani ya m'buku. Agogo athu amasimba za njala ya 1949. Makolo athu anaona ya 2002. M'chaka cha 2016 anthu oposa 6 miliyoni m'dziko muno anafunika thandizo la chakudya. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Kuno kwathu, chaka china dzuwa limaotcha mmera, chaka china Rukuru ndi Songwe amasefukira n'kukokolola minda, ndipo mu Disembala 2009 nthaka yeniyeniyo inagwedezeka n'kugwetsa nyumba. Tsoka lina lidzabwera, ndipo wogulitsa yankho adzabwera pambuyo pake, chala chake chili chotambasula kale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Funso la mtsikana uja, lakuti ndidzaima mbali iti, ndi funso limene tiyenera kuliyankha tsopano nkhokwe zikadali ndi kanthu, chifukwa tsikulo likadzafika mutu sudzakhala ukugwira.

Tsono tikupempha zinthu zochepa, zotheka. Kwa achinyamata anzathu: bwerekani bukulo muwerenge nkhaniyo yonse, ndi masamba ochepa chabe, manotsi muwaike pambali. Mukafika pa ndime yotsiriza musathamange. Dzifunseni kuti m'mudzi mwanu, mvula itati idule mawa, dzina loyamba kunong'onezedwa lingakhale la yani. Mukulidziwa kale dzinalo. Pitani kukhomo limenelo sabata ino, mukatunge madzi, mukawaze nkhuni, anthu akuoneni mukulowa ndi kutuluka. Nkhalamba imene pakhomo pake pamafika achinyamata masana imavuta kuitentha usiku. Kwa atsogoleri a miphakati: nyengo ikaipa musadikire kuti banja lidzapemphe. Banja limene lasiya kubwera ku mapemphero, limene bambo wake wasiya kuyankhula, ndilo lili kuminda kwa Mokgobja ngakhale likukhala pakati pa mudzi. Mutu umodzi susenza denga. Kwa abambo athu: kunena kuti ndikuopa, sindikudziwa kuti tidya chiyani, sikuchotsa ulemu wa munthu. Kwa aphunzitsi athu: mwana akakubweretserani moyo wake pa pepala, mukonzeni kalembedwe, koma musamuuze kuti wasochera.

Pepala lija talibweza kwa mwini wake. Malikisi ake akadali 6, ndipo ife tilibe mphamvu yowasintha. Tamufunsa ngati agogo aja akadali moyo. Wati alipo, ndipo maso awo akadali ofiira. Wati sanawauzepo chifukwa chimene anasiyira kubwera ndi nsima chaka chija, koma akuganiza kuti iwo ankadziwa. Loweruka likubwerali akupita kukawaona, ndipo atatu mwa amene anaseka patsinde pa mtengo apempha kuti amuperekeze.